Agogo akunena zina, amfumu zina, buku zina: kodi mbiri ya mudzi wathu tiipeza bwanji?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Luchenza m'boma la Thyolo. Iye walemba kuti: "Ndimaphunzitsa mbiri, ndipo ndinaganiza zoti ine ndi ana a Fomu 3 tilembe mbiri ya mudzi wathu, koma ndagwa mphwayi tisanapite patali. Agogo anga aakazi amati makolo athu anachokera ku Mozambique n'kudzapeza kuno kuli tchire lokhalokha. A kubanja la amfumu akuti makolo athuwo anachita kupempha malo kwa iwo. Buku limene ndinawerenga likuti malo onsewa anali a esiteti ndipo anthu anabwera kudzagwira thangata. Panopa palinso mkangano wa malire a munda pakati pa mbumba yathu ndi mbumba ina. Kodi akatswiri amadziwa bwanji zoona? Kodi za agogo ndi mbiri kapena ndi nthano chabe? Nanga ndifunse akatswiri a mbiri kapena a chikhalidwe cha anthu?"

Aphunzitsi, musagwe mphwayi. Pa zaka zambiri zimene ndakhala ndikuchita kafukufuku m'midzi ya ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, sindinafikepo pamudzi pamene mabanja onse anandifotokozera chiyambi chimodzimodzi, ndipo tsiku limene ndidzapeze mudzi wotero ndidzakayika kuti alipo wina amene anawasonkhanitsa dzulo lake n'kuwauza zoti anene. Kusiyana kwa nkhani zitatu zimene mwamvazo ndi umboni kale, ndipo ndikufuna ndikusonyezeni kuti n'zotheka agogo anu, amfumu ndi bukulo onse akunena zoona, aliyense kuchokera pamene waima.

Wofufuza mbiri amagwira ntchito ngati nkhoswe yoweruza mlandu umene eni ake onse anamwalira kale. Sangaitane amene anaona ndi maso, choncho amadalira zimene anasiya: zolembedwa, zokambidwa pakamwa, ndi zinthu zimene zinatsala m'nthaka. Pa umboni uliwonse amafunsa kuti ananena ndani, ankauza yani, inali nthawi yanji, ndipo akanapindula kapena kutaya chiyani ponena zimenezo. Mafunso amenewa amafunsidwa kwa agogo, ndipo amafunsidwanso kwa bwana DC wa nthawi ya atsamunda amene lipoti lake lili ku National Archives, nkhokwe ya zikalata za boma, ku Zomba. Ambiri a ife tinakula tikuganiza kuti cholembedwa papepala, makamaka m'Chingerezi, chimaposa chonenedwa pakhonde, koma pepala nalonso linalembedwa ndi munthu amene anali ndi zofuna zake. Mzungu wa esiteti ankalembera boma kuti ateteze malo ake, mmishoni ankalembera kwawo kuti thandizo lisaleke, ndipo DC ankafuna kuti akuluakulu ake aone kuti m'boma lake muli bata ndi kuti msonkho ukutoleredwa. Ngakhale nkhokwe ya zikalatayo ili ndi mipata, chifukwa moto umene unabuka ku likulu la boma ku Zomba mu 1919 unawononga zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa Britain.

Tiyeni tiike nkhani zanu zitatu pambali pa zimene zikudziwika bwino za dera lanulo. M'zaka za m'ma 1860 mapiri a Shire anasokonezeka kwambiri ndi nkhondo zogwira akapolo, kubwera kwa Ayao, ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, kotero kuti Amang'anja ambiri anamwalira, ena anathawira kuchigwa ndipo ena anakabisala m'mapiri. Minda imene yasiyidwa zaka makumi awiri kapena atatu kudera la mvula yambiri ngati Thyolo imabwerera kukhala nkhalango, choncho munthu wofika pambuyo pake akanena kuti anapeza tchire sakunama ayi. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anayamba kupereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo aakuluakulu amene ankati anagula kwa mafumu ndi awodi. M'zikalata zambiri munali mawu akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma chitetezo chimenechi sichinkakhudza munthu wobwera pambuyo pake. Apa ndi pamene pagona nkhani ya Alomwe, amene kuyambira m'ma 1890 mpaka m'ma 1930 ndi kupitirira anawoloka malire ambirimbiri pothawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Eni maesiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa munthu wopanda kwina kopita sakana zimene wauzidwa, ndipo malipiro a malo okhala anali thangata. Mawu amene kale ankatanthauza kuthandizana ntchito anasanduka dzina la lendi yolipira ndi thukuta, mwezi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho, ndipo mweziwo unkatha pokhapokha kapitawo akadzaza tikiti. Komabe wobwera aliyense ankayenera kukhala pansi pa nyakwawa ina yake kuti alembedwe m'kaundula wa msonkho, ndiye n'zosadabwitsa kuti a kubanja la amfumu amakumbukira kuti anthu anabwera kudzapempha. Mwaona tsono kuti tchire la agogo, pempho la kwa amfumu ndi thangata la m'buku zikhoza kukhala mbali zitatu za chaka chimodzi chomwecho. Sindikunena kuti m'mudzi mwanu zinayendadi choncho, pakuti zimenezo mudzazipeza ndinu, koma umu ndi mmene wofufuza amaganizira asanathamangire kutchula wina kuti ndi wabodza.

Za agogo ndi mbiri ndithu, ndipo akatswiri anasiya kale kuzinyoza. Katswiri wa mbiri Jan Vansina, amene anagwira ntchito ku Congo ndi ku Rwanda, anasonyeza kuyambira mu 1961 kuti nkhani zopatsirana pakamwa zikhoza kuyesedwa mwadongosolo monga mmene timayesera zikalata. Kuno kwathu Megan Vaughan, pofufuza za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba posinja, ndipo m'nyimbozo munatuluka zimene malipoti a boma sanalembe, monga za amuna amene anapita kukafuna chakudya osabwereranso kwa akazi awo ndi ana. Landeg White naye analemba mbiri ya Magomero pophatikiza zikalata za amishoni ndi za esiteti ndi zimene anthu a m'midzimo anamuuza. Koma nkhani za pakamwa zili ndi makhalidwe ake amene muyenera kuwadziwa. Zimafupikitsa nthawi, kotero kuti ulendo umene unatenga mibadwo iwiri, anthu akumanga ndi kusamuka kangapo panjira, umakambidwa ngati unachitika chilimwe chimodzi. Mndandanda wa mafumu umadumpha amene analamulira nthawi yochepa kapena amene anachoka mwamanyazi. Ndiponso banja lililonse limakumbukira bwino zimene zimalimbitsa ufulu wake pa nthaka, chifukwa mawu akuti "tinapeza tchire" amatanthauzanso kuti "sitinalande wina aliyense", monga momwe akuti "anadzapempha kwa ife" amatanthauza kuti "eni nthaka ndife". Pamene pali mkangano wa malire ngati wanuwo, mawu amenewa amakhala akuthwa kuposa masiku onse.

Agogo musawafunse chaka, chifukwa adzakupatsani nambala pongofuna kuti musabwerere chimanjamanja. Afunseni kuti pamene zinkachitika anali msinkhu wanji, anali atavinidwa kapena ayi, anali ndi ana angati, ndipo mangirirani yankholo ku chochitika chimene chaka chake n'chodziwika. Kudera lanu zikhomo zotere zilipo zambiri: njanji yodutsa pa Luchenza inafika ku Blantyre mu 1908, nkhondo ya John Chilembwe inali mu 1915, njala yaikulu mu 1949, kumangidwa kwa atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress mu 1959, ngozi ya ndege ya Wenela ku Francistown mu 1974, Napolo wa ku Phalombe mu 1991, ndi referendamu mu 1993. Pafupi penipeni ndi sukulu yanu pali chikhomo china chimene ana anu ayenera kuchidziwa, ndicho zipolowe za mu Ogasiti 1953, zimene zinayambira pa esiteti ina ya kufupi ndi Luchenza pa nkhani ya anthu oganiziridwa kuti aba malalanje, n'kufalikira m'maboma ena a kummwera mpaka anthu 11 anaphedwa. Nkhani imeneyi ndi phunziro labwino la kusiyana kwa chimene chayatsa moto ndi chimene chaunjika nkhuni, pakuti palibe amene angakhulupirire kuti anthu anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha malalanje okha. Pansi pake panali kusowa kwa malo, lendi ya m'maesiteti, malamulo a malimidwe, ndi mkwiyo pa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene chinakhazikitsidwa chaka chomwecho. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, ndiye gogo amene akukumbukira bambo ake akupita ku thangata wakupatsani kale malire a nthawi.

Ndikukumbukira gogo wina wa kutsidya kwa Thuchila amene tinacheza naye masiku awiri osapeza chogwirika, mpaka tsiku lachitatu analowa m'nyumba n'kutulutsa kachitini ka tiyi kochita dzimbiri. Munali chitupa cha msonkho cha malemu amuna ake, khadi la ubatizo lopindidwa kanayi, ndi kalata yochokera ku Joni imene iye mwini sanathe kuiwerenga koma anaisunga zaka zonsezo atakulunga m'kansalu. Khadi la ubatizo lija linatitsogolera ku kaundula wa kumpingo, ndipo m'kaundulamo tinapeza dzina la mudzi umene banjalo linkakhala lisanasamuke. Muwauze ana anu kuti zikalata za mbiri sizili ku Zomba kokha. Zili m'masutikesi, m'makaundula a mipingo yakale ngati Mulanje Mission kapena Malamulo, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902, ndiponso m'mabuku olembamo ana a sukulu zakale za pulayimale. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gogo sakutsegulirani kachitini kake pa ulendo woyamba.

Tsopano ku funso lanu lakuti mufunse akatswiri ati. Wa mbiri amafunsa kuti zinthu zinafika bwanji pamene zilipa, ndipo chidwi chake chili pa kusintha kwa zinthu m'kupita kwa nthawi. A maphunziro a chikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu amafunsa mmene zinthu zikuyendera ndi chifukwa chake zimabwerezabwereza m'malo osiyanasiyana. Amene ku yunivesite amatchedwa a Anthropology amakakhala pamudzi miyezi yambiri, kudya nawo, kupita nawo kumaliro ndi kumilandu, kuti aone kusiyana kwa zimene anthu amati amachita ndi zimene amachitadi. J. Clyde Mitchell anachita zimenezi pakati pa Ayao m'zaka za m'ma 1940, ndipo anafotokoza mmene mbumba imakulira, kukangana ndi kugawikana n'kubala midzi yatsopano. A Sociology ndi a zachuma amakonda kufunsa anthu ambiri mafunso ofanana kuti awerengere, pamene a chiwerengero cha anthu amadalira kalembera wa ofesi ya National Statistical Office. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 720,000 m'boma la Thyolo ndi opitirira 680,000 ku Mulanje, ndipo ku Thyolo pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu opitirira 400 pamene m'dziko lonse anali 186. Nambala imeneyi ikukuuzani chifukwa chake mzere umodzi wa chinangwa pamalire ungafikitse abale kubwalo, koma siingakuuzeni chifukwa chake anthu anadzadzana chonchi pakati pa minda ya tiyi. Yankho la funso limenelo lili kwa wa mbiri, amene adzakubwezerani ku zikalata za Johnston, ku tiyi amene Henry Brown anayamba kudzala ku Mulanje mu 1891, ndi ku maulendo a Alomwe aja. Ine ndimaona kuti makoma olekanitsa maphunzirowa ndi a ku yunivesite, ndipo pamudzi sathandiza kwenikweni.

Manambala nawo amanamiza ngati funso lafunsidwa mosaganiza, ndipo pa ichi ndinaphunzira ndi manyazi. Ndili wachinyamata ndinagwira nawo kafukufuku wa bungwe lina m'midzi ya kumunsi kwa phiri la Mulanje, ndipo papepala lathu panali funso lakuti mutu wa banja ndani, kenako lakuti ali ndi munda waukulu bwanji. Abambo anayankha mosangalala, ife n'kulemba maekala onse m'dzina lawo. Patapita milungu iwiri mayi wina amene tinkagona kwawo anandifunsa moseka kuti, "Kodi achimwene, mkamwini anayamba liti kukhala ndi munda kwa eni ake?" Pepala lathu linali litabwera ndi maganizo a kwina, kumene nthaka imayenda m'dzina la mwamuna, pamene kuno munda ndi wa mkazi ndi mbumba yake, ndipo wouyang'anira ndi mlongo wake kapena malume. Choonjezera apo, tinkafika pagalimoto yolembedwa dzina la bungwe, ndiye anthu anaganiza kuti tikulemba maina a olandira thandizo, moti mbuzi ndi nkhuku zinachepa modabwitsa m'midzi yonseyo. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa nthawi zonse kuti anthu akundiona ngati ndani, chifukwa yankho limene munthu amapereka limatengera amene akuganiza kuti akumva. Inunso simudzafika ngati mlendo wopanda mbali, pakuti aliyense akudziwa kuti ndinu mdzukulu wa uje, wa mbumba imene ili pamlandu.

Vuto lina lalikulu la maphunziro amenewa ndi kudziwa chimene chachititsa chinzake, popeza anthu sitingawaike m'botolo ngati mankhwala a mu labotale. Chimene timachita ndi kuyerekeza. Pulogalamu ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, ndipo ofufuza anayerekeza amene anasamuka ndi amene anatsala kuti aone ngati malo okulirapo amasintha moyo wa banja. Ngakhale pamenepo wofufuza wosamala amadzifunsa ngati amene anavomera kusamuka sanali kale anthu olimba mtima kapena osowa kwambiri kuposa anzawo, chifukwa ngati zili choncho kusiyana kumene wapeza sikungakhale kwa malo okha. Ana a Fomu 3 akhoza kuphunzira kaganizidwe kameneka poyerekeza mudzi wanu ndi wina umene suli m'mphepete mwa esiteti.

Maina a mitundu muwagwire mosamala. Zikalata zakale zimatchula anthu onse ochokera kum'mawa ndi dzina lakuti Anguru, limene eni ake ankaliona ngati lonyoza, ndipo Lewis Bandawe ndi anzake a bungwe la Lomwe Tribal Society, limene linayamba mu 1943, analimbana kuti boma lileke kuligwiritsa ntchito. Koma agogo anu mwina sadzanena n'komwe kuti Mlomwe, adzati ndife Akokhola, Amihavani, Amanyawa kapena Atakhwani, ndipo dzina limenelo ndi limene lingakulozereni dera limene anachokera. Lero Mulhako wa Alhomwe umasonkhanitsa anthu pa Chonde chaka ndi chaka, gule wa tchopa anaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa miyambo yofunika pa dziko lonse lapansi mu 2014, ndipo anthu ambiri amene makolo awo ankabisa chilankhulo chawo tsopano akunyadira. Zimenezi n'zabwino, koma kwa wofufuza zikutanthauzanso kuti nkhani ina imene gogo akukuuzani mwina anaimva pawailesi chaka chatha osati kwa amayi ake. Mufunseni mwaulemu kuti anamva kwa yani.

Chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi mlandu wa malirewo. Kafukufuku wa ana asukulu asasanduke umboni wa mbali imodzi, chifukwa mukatero mudzayatsa moto pamudzi, ndipo mudzaika ana ndi ntchito yanu pamavuto. Musanayambe, kambiranani ndi ahedi, kenako kaonekereni kwa amfumu ndipo ngati n'kotheka kwa a T/A, muwafotokozere kuti cholinga ndi maphunziro. Aliyense amene mukucheza naye adziwe kuti mukujambula mawu, avomere yekha, ndipo akhale ndi ufulu wokana kuti dzina lake lilembedwe. Mabanja awiri amene akukanganawo musatumeko ana, ndipo kubanja la mbali inayo ndi bwino apiteko mphunzitsi mnzanu wochokera kutali. Za kuchinamwali ndi za kumanda zimene eni ake sakufuna kuulula zisiyeni. Mlandu weniweniwo upite kwa ankhoswe ndi amfumu, ukakanika upite ku mabwalo a malo amene lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa, ndipo amene akufuna uphungu wa zamalamulo koma alibe ndalama angapite ku Legal Aid Bureau. Ana akapeza mapale akale, zitsulo zosungunulidwa kapena mafupa, asakumbe, chifukwa chinthu chikachotsedwa pamalo pake theka la umboni wake latayika. Jambulani chithunzi, lembani malo, ndipo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale kudzera ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri. Mukafika pofuna zikalata za maesiteti ndi mabuku a maboma, lemberani a National Archives, pitani ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre, kapena funsani aphunzitsi a mbiri a ku University of Malawi ku Zomba, amene akhala akutumiza ophunzira awo kukatolera mbiri ya pakamwa m'midzi kwa zaka zambiri.

Polemba, musasankhe nkhani imodzi n'kutaya zinazo. Lembani kuti a mbumba yakuti amati chakuti, a kwa amfumu amati chakuti, zikalata zikuti chakuti, kenako nenani pamene zikugwirizana, pamene zikusemphana, ndi chimene inu mukuona kuti n'chotheka kwambiri pamodzi ndi zifukwa zanu. Mawu amene mwajambula musunge pawiri, kwina kusukulu ndi kwina kubanja la mwini mawuwo, chifukwa foni imatayika.

Muyambe ndi agogo anu sabata ino, popeza zikalata za ku Zomba zidikira koma msinkhu wawo sudikira. Mukhale nawo panokha, popanda amalume kapena wina wa pamlandu, ndipo muwabwezere ku mawu awo aja akuti tchire. Afunseni kuti amayi awo ankati m'tchiremo munali chiyani pamene ankaswa mphanje: kodi khasu silinkatukula mapale kapena miyala yoperera, kodi panalibe mabwinja, nanga panalibe manda amene obwerawo ankawalambalala osadziwa eni ake? Akayankha kuti manda analipo, funsani amene ankabwera kudzasesa.